Aphunzitsi a Beseni

Khoma la pakati pa kalasi yanga ndi yawo ndi lamatabwa, moti wina akatsokomola uko, kuno timamva. N'chifukwa chake mayi amenewa ndimawadziwa kuposa mmene abale awo amawadziwira. Ana anawapatsa dzina loti Aphunzitsi a Beseni, poti m'mawa uliwonse amalowa pageti atakwapatira beseni lachitsulo ngati akupita kochapa. M'besenimo mumakhala supuni, labala wa tayala, thonje, sopo, pepala, galasi lokulunga m'kansalu ndi kandodo kouma.

Kale sanali a beseni. Anali a nyimbo. Phunziro lililonse ankalisandutsa kwaya, ana n'kumavomera mokuwa mpaka fumbi la choko kuyoyoka pabolodi langa. "Galasi limatani?" "Limasweka." "Labala amatani?" "Amatamuka." Ine ndinkawadandaulira kuti, "Achemwali, ana anga akudziwa za m'kalasi mwanu, zanga sakuzimva." Iwo ankangoseka n'kuyankha kuti ndithokoze, ndapeza wondiphunzitsira waulere.

Chaka china anali ndi kamtsikana, mwana wa mayi wosoka zovala pafupi ndi siteji ya basi. Tinkamutcha Kabelu chifukwa mawu ake ankamveka pamwamba pa anzake onse. Tsiku lina aphunzitsiwo anabweretsa batire, tiwaya tiwiri ndi kababu ka tochi. Akaika supuni pakati pa tiwayato, kababu kankayaka. Akaikapo ndodo, ayi ndithu. Ana anasangalala ngati aona matsenga, ndipo nyimbo inayambika: "Magetsi amadutsa m'chitsulo, magetsi sadutsa mumtengo." Ndinaimva nyimboyo tsiku lonse, Kabelu ali patsogolo.

Patangopita masiku ochepa kunagwa mvula yamkuntho. Waya wamagetsi anaduka n'kugwera m'kanjira ka kuseri kwa nyumba ya osoka aja. Mvula itakata, Kabelu anaona kamlongo kake, kamnyamata kongoyamba kukwawa, kakulunjika komweko. Sanagwire wayayo ndi manja, anali mwana womvera aphunzitsi. Anatola nthambi yomwe mphepo inathyola, yaiwisi, yonyowa, kuti amukankhire kutali. Anali wopanda nsapato, m'matope. Khandalo linapulumuka, Kabelu anafera pomwepo.

Palibe anawaloza chala aphunzitsiwo. Mayi a mwanayo sananene kanthu, ndipo chete ameneyo ndi amene anawadya aphunzitsi aja. Anasiya kudutsa msewu wa kusiteji, n'kumazungulira kumsika ngakhale miyendo ikuwawawa. Zovala zikang'ambika ankasoka okha, moipa. Chomwe ankaopa ndinkachidziwa: kukumana maso ndi maso ndi mayiyo n'kumva zimene zili mumtima mwake.

Nyimbo zinatheratu m'kalasi muja, m'malo mwake munalowa beseni. Kuyambira pamenepo chinthu chilichonse mwana amachigwira kawiri, chili chouma, kenako atachiviika m'madzi. Pepala limafewa, sopo amaterera, thonje limalemera, supuni imangokhala mmene inalili. Mwana aliyense amanena yekha zimene waona, ndi mawu akeake, ndipo funso lawo ndi limodzi: "Nanga chikanyowa?" Kababu kaja anakataya. Anandiuza kuti batire ndi lochepa mphamvu, ngakhale uviike ndodo sikayaka, ndiye kamanamiza ana. Za waya wogwa amangoti usamukhudze ndi chilichonse, thamanga ukaitane wamkulu.

Ine za mizukwa sindizikhulupirira, ndipo amene amazikamba ndimawaseka. Koma kangapo konse, kalasi yawo ili zii, ndawamva akufunsa kuti, "Wayankha ndani pamenepo?" ana n'kumangoyang'anana. Masana ena ana ataweruka ndinawamva akulankhula okha kuseri kwa matabwa, pang'onopang'ono, monga timachitira ndi mwana amene sanamve bwino. "Ukanyowa amadutsa. Wamva? Ukanyowa amadutsa." Ndinachita mantha, ndipo ndinawamvera chisoni kwambiri. Ndinatuluka monyang'ama, osatseka chitseko.

Zaka zinapita, kamnyamata kaja kanakula n'kufika poyamba sukulu. Ahedi anakaika m'kalasi ya a Beseni. Aphunzitsi aja anabwera kwa ine. "Achemwali, mutengeni inuyo mwana ameneyu. Ine sindingathe." Ndinavomera, ngakhale kalasi yanga inali yodzaza kale ngati basi ya m'mawa.

Mawa lake osoka aja anatulukira pasukulu, tepi yoyezera ili m'khosi, mwana ali kudzanja. Anapitirira chitseko changa n'kukaima pa cha a Beseni. Ine ndinasiya choko n'kukasuzumira, sindibisa, makutu anga ndi aatali.

"Ndamva kuti mwam'kana mwana wanga," anatero osokawo.

Aphunzitsiwo anaimirira, madzi akudontha m'zala. "Sindinam'kane, mayi. Ndikuopa."

"Ndinakudani, aphunzitsi, sindinama. Ndinkati ndikakuonani mukuzungulira kumsika, mumtima ndinkati zungulirani choncho." Anakonza kolala ya mwanayo. "Koma ana amene amabwera ndi amayi awo kudzayezetsa yunifolomu sandipatsa mpata. Akagwira nsalu, nanga ikanyowa? Akagwira ulusi, nanga ukanyowa? Ndimadziwa kuti achokera kwa inu. Uyu ali moyo chifukwa mlongo wake ankakumverani. Phunziro lija simunalimalize. Mulimalizire pa ameneyu."

Anam'kankhira mwanayo m'kati n'kutembenuka, osadikira yankho. Aphunzitsi a Beseni anagwada, napukuta manja pasiketi, n'kumukhazika kutsogolo, pamalo paja pa Kabelu, pamene kwa zaka zonsezi ankaikapo beseni kuti pasakhale mwana.

Ndinabwerera m'kalasi mwanga n'kuyamba kulemba pabolodi. Kuseri kwa matabwa ndinamva kandodo kakugwera m'madzi, kenako mawu a aphunzitsi, otsika kwambiri, akufunsa kuti waona chiyani. Mwanayo anayankha. Choko chinandipulumuka m'manja. Mawu ake ndi omwe aja, akuthwa, omveka pamwamba pa onse.