Mzungu wa pa Thabwa la a Saidi

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene sukulu inandikana, inenso nkuikana. Bambo anagamula kuti mvula ikangoyamba ndipite ku Mdeka ndikawete ng'ombe za amalume. Ine, ng'ombe! Ndinathawira kwa a Saidi, omwe ankalemba zikwangwani za magolosale pa Lirangwe. Akuluwa anaphunzira kujambula ndi penti wa mafuta ku Joni, ndipo shedi yawo inkanunkha parafini mpaka kumsewu.

Anandipatsa pepala long'amba m'kalendala. Panali nkhalamba ya chizungu yojambulidwa kalekale, agogo a agogo athu asanabadwe, theka la nkhope lili mu mdima.

"Umutulutse mzunguyu pa thabwa ili," anatero. "Ukatha, ukhala nane. Ukalephera, ng'ombe zikukudikira."

Ndinamumvera chisoni mkuluyo kumusiya mu mdima. Ndinamupaka penti woyera kuti mbee, maso onse awiri poyera, makutu omwe. A Saidi anaseka mpaka kutsokomola.

"Iwe, ameneyu akuchokera kuchigayo?"

Anafufuta zonse ndi sanza. Kenako anandipakitsa thabwa lonse penti woderapo ngati dothi la kudimba, nati kuwala ndiziika pang'onopang'ono, pokhapo pomwe pepala likuonetsa: pamphumi, pamphuno, tsaya limodzi. Diso linalo likhale momwemo mu mdima. Ukapaka kamodzi, udikire pouma, masiku ndithu, uku mitambo yayamba kale kusonkhana cha ku Chileka. Manja ankandiyabwa, koma ndinadikira.

Mvula yoyamba itagwa, bambo anatulukira atanyamula kathumba ka zovala zanga. Bambo anga ankayankhula ngati akuitana munthu kutsidya kwa mtsinje. Mawu angawa ndinatengera iwo. Analowa m'shedi akukalipa, nkuona thabwa lija. Kukalipa kuja kunathera pomwepo. Kenako anatsitsa mawu ngati ali pamaliro.

"Bambowa aferedwa ndani?"

"Funsani mwana wanu," anayankha a Saidi. "Wawabweretsa ndi iyeyu."

Kathumba kaja bambo anakasiya pakhomo pa shedi, nabwerera kumudzi okha.

Lero lowani m'nyumba za ku Chileka konse, muone zithunzi za azigogo zili pakhomazo ngati si dzanja langa! Dzina langa ndimalemba movutikira, sindibisa. Koma wina akandiuza kuti ndiwalitse nkhope yonse, ndimakana ndithu, olo akwiye. Ndinaona ndi maso angawa kuti chomwe chinatseka pakamwa pa bambo anga ndi mbali ija yomwe penti woyera sanafikeko.