Mipando ya Kutchalitchi ndi Msana Wanga

Ine ndimawotcherera zitsulo ku Biwi, ndipo anthu amandidziwa ndi zinthu ziwiri: mageti olimba ndi mtima wapachala. Chachitatu ndinkabisa. Msana wanga unayamba kupweteka tsiku lina ndikukweza geti m'galimoto, ndipo sunalekenso. Kuchipatala anandijambula n'kundiuza kuti mafupa ali bwinobwino. Ndinatuluka ndikutukwana chamumtima mpaka pasiteji.

Mlongo wanga, mzime wa m'banja mwathu, ndiye anapita patali ndi sukulu. Ine ndinalekera Folomu 4, iye anakafika ku yunivesite n'kupitirirabe. Anasankha phunziro limene poyamba linkandiwawitsa mtima: ululu wosatha, ndi mmene mantha ndi nkhawa za munthu zimaukulitsira.

"Ndiye ukuti ifeyo timadwala m'mutu?" ndinamufunsa.

"Ayi, achimwene. Ululuwo ndi weniweni. Koma mantha amauthirira ngati mpiru wa kudimba."

"Zachamba basi."

Tsiku lina anabwera kwathu ku Kawale nkhope ili yakugwa. Anati kafukufuku wake akufunika amuna ogwira ntchito zolemetsa, amene akhala ndi ululu zaka zambiri, amuuze mmene amakhalira nawo. Aphunzitsi ake anamupatsa miyezi yowerengeka. Akapanda kubweretsa nkhani zogwirika, amuuza kuti mutuwo ausiye, ndipo malo ake apatsa wina.

Mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe. Zaka zonsezi mwanayu ankaphunzira zinthu zimene ine sindikanamuthandiza, lero akufuna anthu osweka misana? Ku Biwi? "Usadandaule," ndinatero. "Ndikudzazira bwalo."

Ndinakonzekera ngati chinkhoswe. Ndinabwereka mipando kutchalitchi, tebulo ndinaliyala nsalu yoyera, akazi anga anasesa mpaka kuseri kwa bafa. Anzanga ndinawachenjeza: "Musambe, muvale bwino. Wondichititsa manyazi asadzapondenso pashedi panga." Loweruka anafikadi: makaniko wa ku Thyolo amene shedi yake yagundana ndi yanga, mkulu wina wopala matabwa wa ku Area 23, akabaza, onyamula matumba pamsika. Onse m'majekete, dzuwa likuswa mtengo.

Ndinaimirira n'kulankhula ngati phungu. Kenako mlongo wanga anafunsa kuti ayamba ndani. Maso onse anagwera pa ine, mwini khomo.

"Achimwene, tiyerekeze kuti ziro ndi kusamva kanthu, teni ndi ululu wosapiririka. Msana wanu uli pati?"

Ndinayang'ana anzanga. Ndinayang'ana akazi anga ataima pakhomo. Ndinayang'ana mwana amene ndinkamubereka pamsana womwewu amayi akapita kumunda ku Ntcheu.

"Wani," ndinatero. "Mwinanso hafu."

Makaniko uja, amene amayenda chammbali ngati nkhanu, anakonza kolala n'kuti, "Nanenso wani." Mkulu wa matabwa anati, "Tikuthokoza Mulungu, mayi, tikuyenda." Akabaza onse wani. Mmodzi yekha anati thuu, anzake atamuyang'ana anabweza. Tinamwa zoziziritsa kukhosi, tinapemphera, anthu anabalalika. Ine ndinkaona ngati zayenda bwino kwambiri, mpaka ndinadzitama kwa akazi anga.

Lamlungu madzulo mlongo wanga anaimba foni. Mawu ake anali aang'ono.

"Achimwene, zikomo pa zonse. Koma mapepalawa akusonyeza kuti ndinacheza ndi amuna athanzi kuposa onse mu Lilongwe. Ndikawauza aphunzitsi kuti zakanika."

Lolemba ndinafika ku Biwi ndikutuluka utsi. Makaniko ndinamupeza atagona pansi pa minibasi, ndinamukoka mwendo.

"Iwe! Si iwe umabuula pano tsiku ndi tsiku ngati ng'ombe yothyoka mwendo? Wani wa chiyani? Wamuphera mwana sukulu!"

Anatuluka pang'onopang'ono, napukuta manja.

"Aise, nanga iweyo nsapato amakumanga ndani m'mawa?"

Kani tsiku lina akudzabwereka sipanala kunyumba kwathu makanikoyo anaona akazi anga atagwada akundimanga zingwe, ndipo sananene kwa munthu.

Mkulu wa matabwa, amene anabwera kudzatenga mahinjesi, anawonjezera mofatsa. "Bambo, munatikhazika pamipando ya kutchalitchi, munativeka majekete, inu eni ake n'kunena wani. Mumafuna ife alendo tinene naini? Pamaso pa mlongo wanu? Tioneke ngati tabwera kudzapempha?"

Ndinaponya hamala, inakamenya lata, anthu mpaka kutsidya kwa msewu anatembenuka. Koma mkuluyo sananame. Mlendo amayang'ana dzanja la mwini nyumba asanatambasule lake. Wopha sukulu ya mwanayo ndinali ine.

Ndinamuimbira pomwepo. "Aphunzitsi ako usawauze kanthu. Mawa ubwere kushedi. Zovala za kuofesi usiye, ukwere minibasi."

Anabwera atamanga chitenje, n'kukhala pa tayala lakale pakati pa shedi yanga ndi ya makaniko. Palibe amene anasiya ntchito. Anapempha chilolezo choti ajambule mawu pafoni, natilonjeza kuti dzina la munthu sililembedwa paliponse. Ndinavula chigoba chotchinga kumaso n'kuyamba, ndipo ndinkakuwa ngati ndikukangana ndi munthu, chifukwa njira ina yonenera zimenezi sindinkaidziwa.

"Lemba! Eyiti. Masiku ena naini. Nsapato amandimanga ndi alamu ako. Chitsulo chikagwa pansi ndimachiyang'ana kaye ngati njoka, kuopa kuwerama. Ana ndimawakalipira asanalakwe. Ndipo ndimaopa tsiku limene makasitomala adzadziwe kuti wowotcherera wawo satha kunyamula geti lake lomwe. Walemba?"

Mlongo wanga anandiyang'ana maso ali ndi misozi, ndinamuuza kuti zolira akachitire kwawo.

Kenako mawu anatuluka pansi pa minibasi: "Eyiti yekha? Ine teni, aise!"

"Teni ukanakhala uli kumanda, chitsiru iwe!"

Tinaseka mpaka msana unandibaya. Basi onse anamasuka. Makaniko anafotokoza kuti akalowa pansi pa galimoto amachedwa dala kutuluka chifukwa kudzuka ndiye nkhondo. Mkulu wa matabwa anaulula kuti mapilitsi amabisa m'chitini cha misomali, poopa kuti ana ake akadziwa amuletsa ntchito n'kumutumiza kumudzi. Akabaza anamva kuti ku Biwi kuli mpikisano wa misana, anabwera okha. Foni inatha moto, mwana uja anayamba kulemba pakatoni ya mawaya owotcherera. Ine ndinkangozungulira ndikukuwa, "Nena zoona iwe, usandinamizire mlongo wanga!" mpaka iye anandipempha kuti ndikhale pansi, ndikuopseza anthu ake.

Anabwera masabata angapo. Aphunzitsi ake atawerenga, za kusiya mutu sanazitchulenso. Anamaliza, ndipo anamuveka chipewa cha udokotala, wa kafukufuku osati wa jakisoni. Tsiku limenelo ndinaimba mluzu m'holo mpaka mlonda anabwera kudzandikhazika pansi.

Zolemba zake zinatuluka m'magazini a akatswiri. Nthawi zina amandionetsa pafoni mndandanda wa anthu a m'mayiko ena amene atchula ntchito yake m'zolemba zawo, mayina oti lilime langa limakana. Pano ali ndi ophunzira akeake, ndipo akawatuma kukacheza ndi anthu amawauza kuti apite kumene anthuwo akugwira ntchito, ndipo asabwereke mipando. Akuti nkhani ya majekete amaifotokoza m'kalasi chaka chilichonse. Ndinamuuza kuti akadzanditchula dzina tidzaonana.

Nanenso anandiphunzitsa zake zija ndinkazitcha zachamba: kuwerama pang'onopang'ono m'malo moopa, kuidula ntchito m'zigawo, kusagona tsiku lonse ululu ukabwera. Msana sunachire. Koma masiku ambiri nsapato ndimamanga ndekha.

Chaka chatha anakalankhula pamsonkhano waukulu kunja, n'kutitumizira kanema. Tinaonera pashedi masana, mitu itagundana pa foni imodzi. Chizungu chake chinkathamanga, ndinkangotola apa ndi apo. Mwadzidzidzi pachinsalu chachikulu kumbuyo kwake panaoneka chithunzi cha tayala.

"Tayala langa ilo!" anakuwa makaniko.

"Lako liti? Lili mbali yanga!"

Tinakangana mpaka kanemayo anatha, tinachita kumubwezera poyambira.

Tayalalo lilipobe. Osoka nkhwaira alifunsa kawiri konse, ndinawathamangitsa. Dzulo kasitomala wina wabwera kudzatenga geti, n'kundifunsa mwaulemu kuti, "Msanawo uli bwanji, bambo?"

"Lero sikisi," ndinamuyankha. "Gwirani uko tikweze."