Njuchi zopanda uchi

Ku Area 12 tinafikako pa lole ya boma, chaka chomwe ofesi ya abambo inasamukira ku Capital Hill. Nyumba inali yaikulu, yonunkhira penti, koma ine ndinkadana nayo. Anzanga onse a fulaye ndinawasiya ku Zomba, ndipo kuno ana sankatuluka m'mipanda. Wamsinkhu wanga anali mmodzi yekha, Towera, mwana wa aneba athu ochokera ku Rumphi. Ameneyu ndikamupatsa moni ankangondiyang'ana ngati ndamudyera chake. Ndinkasowa mnzanga koopsa.

Mvula itayamba kukata, kuseri kwa nyumba, pamchenga pomwe kapinga anakana kumera, panabooka timauna tambirimbiri, kalikonse ndi kamulu kake ka dothi. Dzuwa likakwera munkatuluka njuchi zing'onozing'ono zotuwa, zaubweya, zofatsa. Ku Zomba sindinazionepo. Maluwa omwe amayi ankavutika kuthirira sizinkawayang'ana n'komwe. Zinkathamangira chisoso cha kumpanda n'kubwerako miyendo ili chikasu chokhachokha. Amayi ankati n'zopanda ulemu.

Ine nzeru zinandibwerera. Si dzina lomwe likunena kale? Njuchi, uchi. Ndinamuitana Towera n'kumuuza kuti kwathu uchi uli pansi, wongokumba, abwere tidzadye. Anabweradi, buledi wopakapo ali kale m'manja.

Tinakumba ndi supuni ya amayi mpaka inapindika. Njuchi zinkangotizungulira, osaluma. Pansi penipeni tinapeza kathumba konyezimira, kopyapyala ngati pepala la switi, mkati muli tiphala tachikasu. Ndinalawa. Kuwawasa kwake ngati thobwa logonera, uchi ayi ndithu. Tinakumba una wina, chimodzimodzi. Manyazi anandigwira, misozi ili lengelenge, chifukwa ndinadziwa kuti mnzanga wapita ndisanamupeze n'komwe.

Towera anayang'ana buledi wake, n'kuyang'ana ine, kenako anaseka mpaka kukhala pansi. "Iwe Nauchi," anatero, "ndiye buledi wangayu ndipake dothi?" Tinamugawana wouma yemweyo, ndipo mawa lake anabweranso osaitanidwa.

Chisoso chitauma njuchi zinazimiririka. Chaka chotsatira, nyengo yomweyo, zinatulukanso pomwepo, ife tili gwa kuzidikira. Ndinadzamva nditakula kuti zimenezi sizikhala m'chigulu. Una uliwonse ndi wa mayi mmodzi, ndipo phala lija linali kamba wa mwana wake. Tinamudyera, wosauka.

Masiku ano pamalopo anathirapo simenti, mpanda ndi wanjerwa, chisoso amachiyesa tchire, ndipo njuchi zija sindinazionenso. Towera tinamuika m'manda chaka chatha. Pamaliro ana ake ankandiloza n'kumauza anthu kuti awa ndi a Nauchi, anzawo a amayi, poyesa kuti ndilo dzina langa lenileni. Sindinawakonze.