Tsiku Limene Ndinalemba Mwana Wosabadwa

Mbiri ya dziko lino ikadzalembedwa mwachilungamo, dzina langa lidzakhala patsamba loyamba la mutu wonena za kuwerengera anthu a m'tsogolo. Ine Jofilisi ndi amene ndinayambitsa luso limeneli m'chigwa chonse cha Shire, kuyambira ku Kasisi mpaka kwa Malemia, popanda kompyuta, popanda galimoto ya boma, popanda ngakhale nsapato. Ndikudziwa kuti ena atsutsa. Anena kuti munthu amene anasiya koleji chaka chachiwiri, amene lero amakonza mafoni pakhonde la sitolo ya eni ake pa Bangula, alibe pakamwa ponenera za sayansi. Ndiwayankhe kuti koleji sindinaisiye ine, tinangogwirizana kuti tisamaonanenso. Komanso ndivomere kuti lusolo ndinalichita ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi, linakhala masiku atatu okha, ndipo linathera mu ndowa ya madzi.

Mudzi wathu uli chakumtunda kwa Bangula, ndipo masiku amenewo sukulu inali kutsidya kwa khwawa. M'chilimwe khwawalo linali mchenga wokhawokha, wotentha moti tinkaliwoloka chothamanga, uku tikudumphira pamasamba ouma. Koma mvula ikagwa kumapiri, ngakhale kwathu kukhale dzuwa loswa mtengo, linkadzaza mwadzidzidzi ndi madzi ofiira. Ife okulirapo tinkavula malaya, kusenza makope pamutu n'kuwoloka. Ana a Sitandade 1 ndi 2 ankaberekedwa ndi abale awo, ndipo amene analibe womubereka ankangokhala pakhomo mpaka mvula itatha, kenako n'kubwereza kalasi. Ine ndinali ndi mlongo wanga Tereza, wazaka zinayi, wolemera ngati thumba la mapira, ndiponso ankaluma. Msana umene unkamudikira ndinkaudziwa bwino lomwe.

Tsiku lina, nthawi ya masawu, kunabwera bambo wa ku khonsolo panjinga yamoto, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze. Anakumana ndi komiti yachitukuko pansi pa mtengo, n'kunena kuti pali mwayi womanga mdadada umodzi wa makalasi awiri a ana ang'onoang'ono. Midzi youfuna inali iwiri, wathu ndi wina wakumunsi, ndipo mdadadawo ukamangidwa kumene kudzakhale ana ambiri ousowa.

"Musandiwerengere ana a lero okha," anatero bamboyo, akupukuta magalasi ndi nsonga ya shati. "Sukulu si chisakasa choti chaka chamawa tiphwasula. Ngakhale amene sanabadwe adzakhala pa madesiki omwewo."

Anasiya pepala, n'kuti alipeze ku boma Lachisanu la sabata inayo.

Mlembi wa komiti anali ababa anga. Anasankhidwa chifukwa anali ndi cholembera. Koma ntchito yawo yeniyeni inali usodzi, ndipo sabata imeneyo milamba inali itayamba kugwidwa kudambo. Anaika pepala lija pamwamba pa wailesi, anandiyang'ana, anayang'ana ukonde wawo, n'kusankha ukonde.

"Iwe uli ndi dzanja labwino," anatero. "Uyende m'mudzimu, ulembe ana onse. Ndibwera Lachinayi."

Palibe munthu amene anapatsidwa udindo n'kuulandira ndi manja awiri ngati ine. Ndinapita pa okala n'kugula kope latsopano ndi pensulo, ndi ndalama zanga zimene ndinapeza pogulitsa masawu. Pachikuto ndinalembapo kuti KHONSOLO, ndipo ndinadula mizere iwiri pansi pake.

Vuto loyamba linali zaka za ana, poti amayi ambiri ankangoti "anabadwa chaka cha madzi chija", ndipo kwathu zaka za madzi ndi zambiri. Koma aliyense wakuno amadziwa mmene aphunzitsi ankadziwira mwana wofika poyamba sukulu: mwanayo ankadutsitsa dzanja pamwamba pa mutu n'kugwira khutu la mbali inayo. Akaligwira, wakula. Akalephera, adzabwere chaka chamawa. Apa ndi pamene nzeru zanga zinaposa za aphunzitsi. Ndinaganiza kuti mpata wotsala pakati pa chala cha mwana ndi khutu lake ungayezedwe ndi zala zanga, chala chimodzi kuimira chaka chimodzi. Wotsala ndi chala chimodzi ayamba chaka chamawa, wotsala ndi ziwiri chaka chinacho, choncho choncho mpaka m'tsogolo.

Masiku awiri ndinafoletsa ana pansi pa msawu, aliyense dzanja lili pamutu ngati wamva za maliro. Ntchito inayenda bwino, kupatula Zuze, mnyamata wazaka zisanu ndi zitatu amene Mulungu anamudalitsa ndi mutu waukulu. Anatsala ndi zala zitatu. Malinga ndi sayansi, Zuze anayenera kudzayamba sukulu patapita zaka zitatu, ngakhale anali kale mu Sitandade 2. Nditamuuza anakondwa kwambiri, n'kuthamanga kukauza amayi ake. Tereza anatsala ndi zala ziwiri, ndipo chimodzi mwa izo anachiluma.

Tsiku lachitatu ndinadzuka ndi mawu a bambo wa ku khonsolo m'mutu: ngakhale amene sanabadwe. Ndinaona kuti ntchito yanga inali yatheka. Ana osabadwa sangagwire khutu, koma ndinkadziwa kumene amakhala, ndipo ndinkadziwanso kumene eni ake amasonkhana m'mawa uliwonse.

Pamjigo ndinapeza amayi ambiri, ndowa zili pamzere. Ndinaima pa simenti, n'kutsegula kope.

"Mwacherwa tani, amayi nonse?" ndinapereka moni m'Chisena, monga amachitira akuluakulu akafuna kukondedwa.

"Tacherwa, bwana," anayankha wina, ena n'kuseka. "Lero mwabwera kudzayeza makutu athu?"

"Ayi. Ndatumidwa ndi khonsolo. Amene ali ndi pakati aimike dzanja."

Mjigo unasiya kulira. Mtsikana amene ankapopa anangogwira chitsulo chili m'mwamba. Palibe dzanja limene linaimikidwa, ndipo ine, monga katswiri aliyense, ndinaganiza kuti anthu sanamvetse funso.

"Palibe vuto," ndinatero. "A Nyathole, inuyo ndakulembani kale. Dzana ndinakuonani mukudya dothi la pachulu, komanso masiku ano mukulavula pafupipafupi. Mungondiuza mwezi basi."

A Nyathole anali mayi wachitsikana, wofatsa, mkazi wa msodzi mnzawo wa ababa. Anakokera chitenje kumaso, mapewa awo n'kuyamba kugwedezeka. Amene anayankha anali apongozi awo, mayi Alufandika, amene mawu awo ankamveka mpaka kutsidya kwa khwawa.

"Ninji? Wati wamulemba? Wamulemba pati?"

"Tsamba lachinayi."

"Wakutuma ndani, mwana iwe? Mimba ya munthu imalembedwa m'buku? Ukufuna ukaipereke kwa ndani?"

"Ku khonsolo, Lachisanu."

Yankholi linali loona, koma pa mayankho onse amene ndaperekapo m'moyo mwanga, kuphatikizapo a pamayeso a ku koleji, palibe lina loipa kuposa limeneli. Mayi Alufandika anandikwatula kope lija, kuliviika mu ndowa yawo, n'kuyamba kulifikisa ngati akuchapa thewera. Ndinaona Zuze, Tereza ndi m'badwo wonse wa m'tsogolo ukusungunuka n'kusanduka phala.

Wina anali atathamangira kale kwathu. Amayi anga anafika, n'kundigwira khutu mosavuta konse. Tinayenda choncho mpaka titapitirira khola la mbuzi, pamene anandisiya n'kukhala pachitsa. Ndinkayembekeza ndodo. M'malo mwake analankhula motsitsa mawu.

"Jofilisi, Nyathole uja wapita padera kawiri. Za mimba ino sanauze ngakhale amayi ake omubereka. Amagona ndi mantha, amadzuka ndi mantha, kuopa diso la munthu. Ndiye iwe ukaime pamjigo n'kunena kuti wamulemba m'buku?"

"Koma ndi za sukulu, amayi."

"Pakati sipatchulidwa mpaka padzionekere pokha. Sukulu yakoyo sinakuphunzitse zimenezo?"

Ndodo ikanandipweteka pang'ono kuposa mawu amenewo. Masana omwewo ndinakagwada pakhomo pa a Nyathole n'kupepesa, ndipo chigamulo chinali chakuti ndiziwatungira madzi m'mawa uliwonse mpaka adzachire. Mayi Alufandika anawonjezera kuti ndizibwera wopanda pensulo.

Koma pepala la khonsolo linali likadali pamwamba pa wailesi, loyera ngati mmene linabwerera, ndipo kunatsala masiku awiri. Lachinayi m'mawa amayi anati ndivale malaya. Linali tsiku la sikelo, limene mayi Fatchi a zaumoyo ankabwera panjinga yakapalasa kudzayeza ana ndi kuwabaya katemera. Tinawapeza atapachika sikelo panthambi, khanda likulira m'kabudula wa nsalu woyezera. Nkhani yanga anali ataimva kale, poti inafika pa Bangula ine ndisanafike n'kunyumba komwe.

"Ndi ameneyu mkulu wa kalembera?" anafunsa. Anaseka mpaka anapukuta misozi ndi mpango. "Bwera kuno, bwana. Uli ndi masawu m'thumbamo?"

Ndinali nawo. Atamaliza kuyeza ana, anatulutsa mabuku awo akale a sikelo, n'kundiuza kuti pa mwana aliyense wa m'mudzi mwathu amene angamutchule ndiziika sawu limodzi pansi, obadwa chaka chimodzi mulu wawo. Mayina sanandionetse, ankangoti "wina, wina, wina". Titamaliza panali milu isanu pamchenga, wina wocheperako, wina wokulirapo, koma yonse yofanana ndithu, ndipo yakumapeto inali yonenepako pang'ono. Masawuwo anachuluka kuposa ana amene ndinawafoletsa pansi pa mtengo.

"Enawa achokera kuti?" ndinafunsa.

"Kumadimba. Mwezi uno theka la mudzi wanu lili kudambo kukalima chimanga ndi mbatata. Iwe unawerenga amene anatsala pakhomo. Koma kusikelo amabwera, ndipo mvula ikayamba onse abwerera kumtunda. Tsopano tandiuza, mulu wa chaka chamawa udzakhala wotani?"

Ndinayang'ana milu ija. "Ngati womalizawu. Mwina kuposa pang'ono."

"Nanga wa chaka chinacho?"

"Chimodzimodzi."

"Ndiye wafunsa mimba ya ndani?"

Mayi Fatchi anatola masawu awiri n'kuwaika pambali, akuti amenewo ndi a mabanja amene amasamukira kuminda ya nzimbe kukagwira ntchito. Kenako anawonjezera ena angapo, akuti madzi akasefukira anthu a m'mbali mwa Shire amakwera kuno, ndipo ena sabwereranso. "Si ulosi uwu," anatero. "Tikhoza kuphonya. Koma kuphonya ndi ana awiri atatu n'kosiyana ndi kumanga sukulu kumene kulibe ana." Atatero anadya mulu wa chaka choyamba.

Ndinalemba zonse papepala lija ndi dzanja langa labwino. Ababa anafika madzulo akununkha utsi wowambira nsomba, anawerenga mogwedeza mutu, n'kusaina pansi ndi cholembera chawo chotchuka chija. Mpaka lero amauza anthu kuti ntchito imeneyo inawatopetsa kwambiri.

Mdadada unagwera mudzi wathu. Ndikanakonda kunena kuti msana wanga unapulumuka, koma kuumba njerwa, kuotcha, kututa mchenga ndi kudikira malata zinatenga zaka zinayi. Tereza ndinamubereka nyengo ziwiri zamvula, ndipo chipsera cha mano ake chili paphewa langa lamanja kwa aliyense wofuna umboni. Pamene makalasi ankatsegulidwa iye anali atakula moti ankawoloka yekha. M'makalasimo munalowa ana a m'milu ya masawu ija, ndipo patapita zaka ziwiri munalowanso mnyamata wina wochepa thupi, wamaso akuthwa, mwana wa a Nyathole. Anabadwa bwinobwino nditatunga madzi miyezi isanu. Dzina lake la ubatizo ndi Paulo, koma agogo ake a Alufandika anamutcha Kalembera, ndipo ndi limene linamukanirira. Sanawolokepo khwawa pamsana pa munthu.

Ku koleji ndinakapeza kuti zimene mayi Fatchi anachita pamchenga zili ndi mayina aatali ndi zilembo zachilendo, ndipo ndi phunziro lomwelo limene linandithamangitsa. Koma chimene chinandikhala m'mutu ndi ichi: amene amakonza za sukulu, mjigo kapena chipatala amagwirira ntchito anthu amene sangabwere kumsonkhano, chifukwa ena ali kumadimba, ena sanabadwe. Ndinkaganiza kuti ndikudzimangira mpumulo wa msana wanga, koma ndinkamangira mwana amene ndinatsala pang'ono kuwadwalitsa amayi ake ndi mantha. Kuwawerenga anthu oterowo n'koyenera. Koma kumafuna kuyang'ana m'mbuyo mofatsa, osati kuloza munthu chala pamjigo.

Kalembera ndi mnyamata wamkulu tsopano, amagula nsomba kudambo n'kudzagulitsa pamsika. Amabwera pakhonde langa foni yake ikavuta, ndipo salipira, akuti ndinamulemba popanda chilolezo. Ndikaganiza za sukulu yonse ija, makalasi awiri, malata, madesiki ndi belu la chitsulo cha galimoto, ndimaona kuti sindinawononge zambiri. Kope lija linali la makwacha khumi ndi asanu. Pensulo ndinaipulumutsa, inali kukhutu.