Kukafunsa "accueillir" ku Lirangwe

Ndinanyamuka pa Chileka m'mamawa wa Loweruka, mutu uli gwa. Ahedi anali atandisankha kuti ndikalonjere mlendo wa boma pabwalo la ndege m'Chifalansa, poti ndine ndinkachiphunzitsa. Koma Chifalansa changa chinali cha m'buku, ndinali ndisanamvepo mwini wake akuyankhula. Mawu a pakati pa malonjewo, accueillir, kutanthauza kulandira, anandikanika. Ndiwadule pati? Zilembo zonsezi n'zotchula? Masiku amenewo kuchititsa manyazi boma sikunkathera pa kuchotsedwa ntchito kokha.

Lole ya matola inanditula pa Lunzu fumbi lili thoo m'tsitsi. Ndinadya chinangwa chootcha, n'kukwera basi ya ku Lirangwe ndi matambala makumi awiri. Kumeneko kunali wansembe wokalamba wa ku Falansa.

M'basimo ndinkayeserera chapansipansi. "A-ku-we-yi-li. A-se-wu-li." Mayi wina wonyamula nkhuku anasendera kutali.

"Achimwene, ngati ndi mutu waukulu nenani, tikutsitseni."

Pa Lirangwe ayufi anandiimika kufunsa khadi la chipani. Ndinawaonetsa. Mmodzi anati, "Nanga mukung'ung'udza chiyani?" Ndinati ndi Chifalansa. Anandiyang'ana nthawi yaitali, ine thukuta kamukamu.

Wansembeyo ndinamupeza masana akuthirira kabichi. Atatsegula pakamwa mtima wanga unagwa, mano analibe ndi limodzi lomwe. Anaomba m'manja katatu, kuti mawuwo amaduka patatu, n'kuwatchula. Ndinangomva mpweya. Anabwereza, ndipo anamveka mosiyana.

Kenaka anaseka. "Aphunzitsi, ine ndakhala ndikuphwanya Chichewa chanu paguwa chibwerere, palibe anandimangapo."

"Inu aboma akakwiya nanu angokukwezani ndege, Bambo. Ine ndili ndi ana awiri."

Kuseka kunatha. Anaika pansi ndowa, nandigwira masaya ndi manja amatope, kundisongola milomo ngati wouzira moto. "A. Koe. Yir. Bwerezani." Tinabwereza mpaka dzuwa kupendeka, iye osatopa.

Pobwerera ndinakhala kumbuyo kwa basi, milomo ili chisongolere. Sindinadziwe ngati ndatenga Chifalansa kapena chibwibwi cha nkhalamba yopanda mano, ndipo mpaka lero sindidziwa. Nditafika kunyumba mkazi wanga anafuna kundipukuta matope m'masaya. Ndinamuletsa, poopa kuti ndingaiwale pamene panagwira zala zija.