Waya ndi Nkhunda pa Denga la ku Zarqa

A Tawfiq Kanaan, amene anthu a mumsewu wathu amawatchula kuti bambo a Lutfi, anagwira ntchito yowerenga mamita a madzi mumzinda wa Zarqa kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi. Anapuma pantchito ali ndi mawondo otupa, akudziwa chipata chilichonse cha kumpoto kwa mzindawu ndiponso zipata zimene kuseri kwake kuli agalu. Amakhala ndi akazi awo pansanjika yachitatu ya nyumba ya mabanja asanu ndi atatu. Ndi munthu wamfupi, waudongo, ndipo pamaliro kapena paukwati mukhoza kukhala nawo tsiku lonse osamva mawu awo.

Chimene chimawasiyanitsa ndi madala ena opuma pantchito ndi chiphaso cha wailesi yolankhulirana. Anachipeza mu 1989, atalephera mayeso kawiri. Chiphasochi chimapatsa munthu dzina la pamlengalenga, la zilembo ndi nambala, limene wina aliyense padziko lonse sangalitchule ngati lake. La a Tawfiq limathera ndi zilembo T ndi K, motero anzawo amangowaitana kuti Tango Kilo, mmene zilembozi zimatchulidwira pawailesi. Malamulo ake amawasunga onse. Salankhula zandale, zamalonda kapena zachipembedzo pawailesi, amatchula dzina lawolo poyamba ndi pomaliza, ndipo aliyense amene alankhula naye amamulemba m'buku, tsiku ndi ola lomwe. Ine ndinalowa m'gulu la eni mawailesi nditangomaliza digiri ya zamagetsi, ndipo ndiyenera kuvomereza kuti zimene iwo amachita ndi waya wamba sizitsutsana ndi mabuku amene ndinaphunzira.

Wailesi yawo ili pakhonde limene analitseka ndi magalasi. Padenga, lomwe ndi lathyathyathya la simenti, pali maeriyo awiri. Kaeriyo kakafupi kamafikira ku ripita, makina amene gulu lathu linaika paphiri kuti azilandira mawu ofooka n'kuwaponyanso kutali, kotero kuti wa ku Zarqa amamvana ndi wa ku Madaba ngati ali m'chipinda chimodzi. Eriyo inayo ndi waya wamkuwa wotalika mamita makumi awiri ndi masentimita makumi anayi, womangidwa kuchokera pamlongoti wa pamwamba pa masitepe kufika pakona ya kumadzulo. Waya umenewu ndi umene umawatulutsa m'dziko muno.

Kwa zaka khumi ndi zinayi, pafupifupi tsiku lililonse, a Tawfiq ankalankhula ndi munthu wina wa ku Recife, m'dziko la Brazil, dzina lake Anselmo, amene kale ankaphika buledi. Njira ya mafunde a wailesi pakati pa mizinda iwiriyi imatseguka ikatha swala ya Asiri, pemphero la Asilamu la chakumadzulo, ndipo imatsekeka dzuwa likalowa. M'Chingerezi chothyokathyoka, ankauzana mphamvu ya mawu, nyengo, ndi mmene mawondo adzukira. Sanaonanepo ndipo sanapatsanepo nambala ya foni. Mwana wa a Tawfiq atawafunsa chifukwa chake, anamuyankha kuti, "Foni ndi ya anthu amene ali ndi nkhani. Ife nkhani tilibe."

Kenako pansanjika yachinayi panasamukira a Jamil, bambo a Nayef, woyendetsa takisi wa zaka zoposa makumi anayi. Pasanathe mwezi anali atamanga padenga khola la nkhunda makumi asanu ndi awiri. Oulutsa nkhunda onse a mumzinda muno amatsegula makola ikatha swala ya Asiri. Amaimba mluzu, akugwedeza ndodo yomangidwa sanza yakuda, ndipo gulu la mbalame limazungulira pamwamba pa madenga mpaka kutsala pang'ono kuda. Chaka choyamba anthu awiriwa ankangopatsana moni pamasitepe.

M'mwezi wa Malichi chaka chatha munachitika zinthu ziwiri sabata imodzi. Choyamba, tambala wa nkhunda wofiira, amene a Jamil ankamunyadira kuposa galimoto yawo, anawomba waya potsika ndipo anathyoka khosi. Chachiwiri, nthawi yokonzanso chiphaso cha a Tawfiq inakwana, ndipo ku ofesi anawapatsa fomu yatsopano yofuna kuti banja lililonse logwiritsa ntchito dengalo lisaine kuti likuvomereza maeriyo. Kalaliki anawauza momveka kuti fomuyo ikapanda kubwera pofika kumapeto kwa Epulo, chiphaso chigwa, ndipo dzina lawo la pamlengalenga likhoza kupatsidwa kwa wina.

Mabanja asanu ndi limodzi anasaina masiku awiri okha. Kwa a Jamil anagogoda katatu, ndipo katatu konse akazi awo ananena kuti bambo kulibe, pamene mluzu unkamveka padenga. Tsiku lachinayi a Tawfiq anakwera masitepe ndi fomu m'manja.

"Mtendere ukhale nanu, bambo a Nayef."

"Nanunso, madala," anayankha a Jamil, maso ali kumwamba. "Mwabwera kudzapepesa maliro?"

"Ndabwera kudzapepesa, inde. Ndabweranso ndi pepala ili."

"Pepalalo ndalimva kale mbiri yake. Ndisaine kuti msampha wanu upitirize kundiphera ana?"

"Si msampha. Ndi eriyo, ndipo yakhala pano kuyambira inu musanaphunzire kuyendetsa galimoto."

"Ndiye kuti yakalamba, ipume pantchito ngati eni ake." A Jamil anaimba mluzu kawiri, gulu la nkhunda n'kukhotera kum'mawa. "Madala, tambala uja ndinamulera ndi pakamwa panga, ndikumutafunira tirigu. Inu mumalankhula ndi ndani pa chinthu chimenechi? Ziwanda?"

"Ndi mnzanga wa ku Brazil."

"Muuzeni agule foni. Ndimuthandiza kusankha."

A Tawfiq anapinda fomu yawo bwinobwino n'kutsika.

Lachiwiri lililonse nthawi ya seveni koloko madzulo, a m'gulu lathu timakumana pa ripita, aliyense ali kwawo. Nkhaniyi inali itafika kale kwa onse, ndipo amene anaiyamba ndi a Fawzi, dokotala wa mano wa ku Salt, amene sadziwa kusunga pakamwa.

"Tango Kilo, tamva kuti mwatsegula butchala padenga," anatero a Fawzi. "Nkhunda yootcha mukugulitsa bwanji?"

"Zamalonda n'zoletsedwa pa ripita. Kuno Tango Kilo, ndabweza."

Ena anaseka mpaka mawu anaphatikizana. A Fawzi anapitiriza: "Achimwene, mukuvutikiranji? Tengani cholembera, mukhwatche siginecha yake ndi dzanja lamanzere, basi. Ndani akafufuze? Kale oweruza sankalandira n'komwe umboni wa woulutsa nkhunda. Akakadandaula, ndani akamukhulupirire?"

A Tawfiq anati, "Zaka makumi atatu ndi chimodzi sindinalembepo nambala ya mita imene sindinaione ndi maso anga. Kuno Tango Kilo, ndatseka."

Zimene anachita pambuyo pake n'zogwirizana ndi khalidwe lawo. Kwa masabata awiri sanayatse wailesi madzulo. Ankakwera padenga ndi mpando wapulasitiki, kope ndi pensulo, n'kukhala pafupi ndi matanki a madzi, akujambula njira imene nkhunda zimadutsa. A Jamil ankawayang'ana cham'mbali, koma tsiku lachisanu anawatambasulira kapu ya tiyi, chifukwa munthu sungamwe wekha wina ali pomwepo. A Tawfiq anapeza kuti pouluka mbalamezo zimapita pamwamba patali ndi waya, koma pobwerera zimatsika moyang'anana ndi dzuwa, ndipo waya woonda suoneka m'kuwala kumeneko. Anatolera zotsekera mabotolo zofiira ndi zabuluu m'magolosale atatu, anaziboola, n'kuzitunga pawaya motalikirana theka la mita. Ndinawerengetsera ndekha, ndipo pulasitiki yochepa chotero sisintha kanthu pa mafunde.

Njira imeneyi inathandiza kwa masiku asanu ndi limodzi. Tsiku lachisanu ndi chiwiri kunali mphepo, ndipo nkhunda yaikazi yoyera inakhudza waya n'kuthothoka nthenga za phiko limodzi. Sinafe, koma a Jamil anaitengera m'manja mpaka pamene panakhala a Tawfiq.

"Mwaiona mikanda yanu ija?"

"Ndaona."

"Ine sindikudana nanu, bambo a Lutfi. Wallahi, munthu wina ndikanadula kale waya ameneyu ndi pulayala. Koma sindisaina."

Apa n'kuti patatsala masiku asanu ndi anayi. Akazi a a Tawfiq anapita kukacheza ndi akazi a a Jamil atanyamula mbale ya makeke a zipatso za tende, ndipo anabwerako ndi mbale yomweyo itadzaza maolivi, koma siginecha ayi. Mwana wa a Tawfiq anaimba kuchokera ku Amman kunena kuti akhoza kuwaikira pakompyuta pulogalamu yolankhulira ndi eni mawailesi popanda eriyo. Anamuthokoza n'kudula foni.

Patatsala masiku atatu, a Tawfiq anapita kumsika wa zitsulo zakale n'kugula kawilo kokwezera ndowa pomanga nyumba, ndi chingwe cha nayiloni. Anamangirira kawiloko pansonga ya mlongoti, nsonga ya waya n'kuimanga kuchingwe. Ataona kuti zikuyenda, anaitana a Jamil. Anamasula chingwe, waya wonse n'kugona pansi padenga. Anakoka, waya n'kukweranso.

"Muazini wa kumzikiti akaitana swala ya Asiri, ndizitsitsa," anatero a Tawfiq. "Mukatseka khola, ndizikweza."

A Jamil anayesa chingwecho okha kawiri. "Tsiku lililonse?"

"Tsiku lililonse."

"Nanga mnzanu wopanda foni uja? Si nthawi yake imeneyo?"

"Ndi nthawi yake."

A Jamil anakanda ndevu. Zinkaoneka kuti sanayembekezere kupambana kotheratu chotere, ndipo zinawasowetsa mtendere. "Ndiye mulankhula naye liti?"

"Sindilankhula naye. Dzina ndilisunga, ripita ndikhala nayo, ndipo m'mawa kumamveka a ku India ndi a ku Japan."

"Aa, madala, musandisandutse chigawenga." Anayang'ana khola, kenako kumwamba. "Tamverani. Mvula ikamagwa sinditulutsa nkhunda, mapiko amalemera. Kukachita fumbi lija lotseka dzuwa, sinditulutsanso. Masiku amenewo dengali ndi lanu. Lankhulani mpaka mukome."

"Kuno mvula imagwa kangati pachaka, bambo a Nayef?"

"Zimenezo kafunseni Mulungu, ine ndine wa takisi. Bweretsani pepalalo."

Anasainira pamwamba pa thanki ya madzi. A Tawfiq anapempha madzulo amodzi okha otsanzikira, ndipo anapatsidwa. Tsiku lotsatira nkhunda zinakhala m'khola, iwo n'kufotokozera Anselmo zonse m'mawu ochepa amene onse awiri amawadziwa: mbalame, waya, mneba, mvula. Anafunika kubwereza katatu. Anselmo atamvetsa anaseka kwambiri, kenako anafunsa kalembedwe ka dzina la mzinda wathu, chilembo chimodzichimodzi, kuti aziona zanyengo yake. Fomu inafika ku ofesi pa 29 Epulo, ndipo chiphaso chinatuluka ndi dzina lomwe lija.

Kuyambira Meyi mpaka Okutobala sikunagwe dontho. Fumbi linabwera kawiri, koma masiku onse awiriwo mafunde anali oipa ndipo ku Brazil sikunamveke. A Tawfiq ankakwera masitepe kawiri patsiku ndi mawondo awo aja, kukatsitsa ndi kukakweza, ndipo sanaphonyepo. Nkhunda sinavulalenso. M'buku lawo munayamba kuchuluka mayina a kum'mawa, anthu aulemu amene amapereka lipoti la mphamvu ya mawu n'kutsanzika.

Mvula yoyamba inagwa pa 19 Novembala, masana. A Jamil anaima pamwamba pa masitepe n'kukuwa kuti nyumba yonse imve: "Bambo a Lutfi! Musakwere, lero ndi lanu! Muuzeni wa buledi uja kuti tikumupatsa moni!" A Tawfiq anaitana kawiri pawailesi, ndipo Anselmo anayankha. Malinga ndi buku, analankhula mphindi khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Mawu anali ofooka mbali zonse, ku Recife kunali kotentha, ndipo bondo lamanzere la Anselmo linali litachitidwa opaleshoni mu Ogasiti.

M'nyengo yonse yozizira analankhulana kasanu ndi kanayi. Masiku ena a mvula mafunde ankakana, masiku ena Anselmo sankapezeka. A Tawfiq sadandaula za chiwerengero chimenechi, ndipo akafunsidwa pa ripita amangochitchula monga mmene chilili. Chimene sanagwirizanebe ndi a Jamil ndi mvula yowaza. A Tawfiq amati madzi alionse ochokera kumwamba ndi mvula. A Jamil amati ngati simenti ya padenga sinanyowe ponseponse, nkhunda ziuluka. Kukachita mitambo, ikamayandikira nthawi ya Asiri, onse awiri amapezeka padenga, wina atagwira chingwe, wina atagwira chitseko cha khola, akuyang'ana simenti.