Amisiri a ku Old Town andiphera amplifaya ya achimwene

Amisiri ena a ku Old Town andiphera amplifaya. Sanaigwetse, sanaiotche. Aikonza mpaka yafa.

Inali ya achimwene anga, malemu a Yohane. Amplifaya yakale yokuzira mawu a gitala, ya machubu, timabotolo tagalasi tija timayaka mkati ngati makala. Oimba nyimbo zaphokoso za metal mukudziwa: machubu akatentha, gitala imabangula, mawu ake amanona, amakugunda pachifuwa. Zamakonozi za matiranzisita zimakuwa ndithu, koma ngati malata akung'ambika. A Yohane anaiimbira m'galaja ya eni nyumba ku Area 47 mpaka matenda anawagoneka. Loweruka lino tikuvundukula chiliza chawo, ndipo ife a bandi yawo tinapangana kuti tikachoka kumanda tidzaimbe nyimbo yawo pa amplifaya yawo yomweyo.

Vuto linali limodzi. Kabatani kokwezera mawu kankathetheka ukakapotoza. Basi.

Lolemba ndinakwera nayo minibasi kupita kwa amisiri aja, nditaifungatira ngati khanda. Ine mumandidziwa, ndimanenerera mpaka wogulitsa tomato amandiikira basela kuti ndingochokapo. Apanso ndinanenerera mpaka amisiriwo anagwira mutu. Ndinatuluka ndikuyenda chamatama, ati ndabera munthu dzuwa likuswa mtengo. Ochenjera ife!

Lachitatu masana ndinapita kukatenga. Kuinyamula, yapepuka. Kusuzumira kumbuyo, machubu mulibe. M'malo mwake muli kabolodi kobiriwira, ngati tija ta m'zokuzira mawu za paukwati.

"Bambo, machubu ali kuti?"

Anamwetulira ngati andichitira ufulu waukulu. Akuti ataiyesa ndi gitala anamva ikulira mosasa, ngati munthu wa chifuwa. Akuti iwo akonzera zokuzira mawu matchalitchi ambirimbiri mu Lilongwe muno, ndipo palibe m'busa amene angalole phokoso lotere. Ndiye anazula "zachikalezo" n'kuikamo zamakono.

"Achimwene, panopa ikutulutsa mawu oyera. Ndipo sindikuwonjezerani mtengo, musadandaule."

Mawu oyera! Anakupemphani ndani mawu oyera? Kusasako ndiye nyimbo yake! Kodi mkango ukamabangula mumaumwetsa mankhwala a chifuwa?

Ndinawafunsa kuti bwanji osandiimbira kaye. Akuti foni inalibe mayunitsi. Nanga machubuwo? Akuti zinthu zotentha ngati mbaula, zongodya magetsi, anataya kudzala kuseri kwa shopu.

Ndinapita kudzalako. Ine, ndi malaya oyera a ku ofesi ya ku City Centre, ndinagwada n'kuyamba kufukula zinyalala ndi manja. Amayi ogulitsa mandasi pafupi ananong'onezana kuti, "Awa zawayamba lero." Sindinawatsutse. Ndinangopeza magalasi osweka, ena ananditema chala.

Nanga kabatani kaja? Kakuthethekabe. Chinthu chimodzi chimene ndinapitira, sanachikhudze n'komwe.

Ndinafika nayo kwa mayi ku Area 15 dzuwa likupendeka. Ndinalumikiza gitala, ndinakweza zonse mpaka kumapeto, n'kumenya zingwe. Inalira ngati kiyibodi ya kwaya. Ndinaponda kabokosi kosasitsa mawu kuti mwina zisintha. Zinangomveka ngati njuchi zatsekeredwa m'chitini.

Mayi anga, amene moyo wawo wonse ankati nyimbo za mwana wawo Yohane ndi phokoso la ziwanda, anaima pakhomo la khitchini akupukuta manja.

"Iwe, siya zimenezo. Yatsa ya Yohane ija."

"Ndi yomweyi, amayi."

Anamvetsera pang'ono. Kenako anati, "Si Yohane uyu," n'kubwerera mkati.

Ndinazimitsa. Sindinaigwirenso.

Anzanga, mukapita ndi chinthu kwa amisiri muziwauza chimene sichinawonongeke, osangoti chowonongeka chokha. Ena amakonza mpaka chimene mumachikondera.

Amene ali ndi amplifaya ya machubu mu Lilongwe muno, chonde andibwereke tsiku limodzi lokha. Sidzakhala ya a Yohane, ndikudziwa. Ndipo inu amisiri, dzina lanu sinditchula, mukudzidziwa. Anakupatsani ndani chilolezo chozula mtima wa chinthu cha eni? Tandiuzani choti ndiwayankhe mayi anga, chifukwa m'mawa uno andifunsa kuti mawu a Yohane mubwezeretsa liti.